Akuti tigulitse nyumba, tikamange pomwe panali madzi

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi, onse ali pabanja. Amuna anga anapuma pantchito chaka chatha. Anali kapitawo wa omanga misewu, moti mpaka pano anthu amangowatcha a Kapitawo, ndipo nawonso amalankhula ngati akadali ndi gulu la anthu a mafosholo kumbuyo kwawo. Tili ndi nyumba imodzi yokha kuno kutauni, imene tinamanga tonse, ine ndikusoka zovala pakhonde iwo ali kumsewu. Kuseri kuli zipinda ziwiri za lendi, ndipo ndi zimene zikutidyetsa pano.

Kwawo kwa bambowa ndi pachilumba, kamudzi kakang'ono koti tambala mmodzi amadzutsa onse. Anachokako ali mnyamata. Atangopuma pantchito anapita kukaona mlongo wawo, ndipo anabwerako mutu utazungulira. Akuti kwayamba kufika alendo odzapuma, akuti kubwera nsanja ya mafoni, akuti malo akwera mtengo posachedwa. "Mayi, wogwira malo a padoko lero ndiye bwana wa mawa," anatero. Malume awo anawalozera malo ndi chala, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, bambowa n'kuyamba kukumba maziko a chinyumba chachikulu, zipinda zina zathu, zina za alendo.

Penshoni yonse yathera pamazikowo. Kumeneko chilichonse chimawoloka paboti, ndipo thumba la simenti limalipira ngati munthu wamkulu. Ulendo wina mafunde analowa m'boti, matumba n'kunyowa, pano ndi miyala imene anthu amakhalapo akamadikira boti. Tsopano akuti tigulitse nyumba ya kunoyi kuti akamalizire. Wogula wapezeka kale, akungodikira kuti inenso ndivomere poti nyumbayi ili m'dzina la tonse.

Mwezi watha ndinapita kukaona ndi maso anga. Malowo ndi okongola, sindinama. Koma ndinadabwa kuona kuti nyumba zonse za m'mudzimo zili kumtunda, anthu amalolera kukwera chitunda ndowa yamadzi ili pamutu, ife tokha ndiye tili kumunsi pamchenga. Nditafunsa, bambowa anati, "Kumtundako njerwa asenze ndani? Apa boti likutula katundu pakhomo." Mlongo wawo uja anandinong'oneza tikutsuka mbale kuti, "Alamu, apa akumba achimwenepa ife tinkawedzapo tili ana. Madziwa angobwerera m'mbuyo zaka zapitazi." Nditawauza bambowa, anakalipa: "Ameneyo akudziwa chiyani za kumanga? Madzi aja anapita, sabweranso!"

Aphungu, ndili ndi mantha. Ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku lililonse, ndipo kumeneko kulibe chipatala. Mphepo ikakula boti silinyamuka ngakhale munthu akomoke. Madziwonso ndimawaopa, paboti ndimangotsinzina mpaka tifike. Koma zimenezi sindinawauze. Akandifunsa ndimangoti "tiona", mpaka dzana anandiuza kuti, "Ngati simukufuna nenani, ndipita ndekha." Takalamba tili limodzi, sitinasiyanepo. Ndivomere kuti banja lisagwedezeke, kapena ndikane?

E.C., kutauni

Mayi E.C.,

Musagulitse nyumbayo. Ndayamba ndi yankho kuti musavutike n'kulifufuza.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono. "Tiona" wanuyo ndi amene wafikitsa wogula pakhomo. Munthu wozolowera kulamula akamva "tiona" amamva "eya", basi n'kupitiriza. Akhazikeni pansi sabata ino, muli awiri, muwauze mosapsatira kuti simuvomera. Muwauzenso za mankhwala anu ndi za mantha anu a paboti. Zaka zonsezi mwagona nawo chipinda chimodzi, lero muchite manyazi kunena kuti mumaopa madzi? Ayi, mayi, lankhulani.

Za malowo, maso anu anaona bwino. Anthu a pachilumba si opusa kuti azivutika ndi chitunda pomwe malo athyathyathya ali pomwepo. Amadziwa kuti madzi akabwerera m'mbuyo sakhala atatsanzika. Amuna anu anakulira kutali, ndipo asankha malo ngati womanga msewu, kuyang'ana pomwe katundu atsike mosavuta. Komanso malo olozedwa ndi chala amandidetsa nkhawa. Pitani nonse ku ofesi yoona za malo, mukafunse ngati munthu amaloledwa kumanga pafupi chonchi ndi madzi, ndiponso ngati malumewo ali ndi mphamvu yopereka malo amene kale anali pansi pa madzi. Malume sadzakhalapo mpaka kale, ndipo ana awo akhoza kudzanena zina.

Nkhani ya nsanja ndi alendo yonse ndi ya akuti akuti. Mwina zidzachitikadi, sindikutsutsa. Koma tawafunsani a Kapitawo kuti chaka chino ndani wagulapo nyumba m'mudzimo. Nyumba ya pachilumba kumanga n'kodula, kugulitsa n'kovuta, chifukwa eni mudzi ali nazo kale zawo, ndipo wakunja amafuna aone kaye boti lodalirika. Pomwe ya kutauniyo mwezi uliwonse ikukugulirani chakudya ndi mankhwala.

Komabe musawaseke bambowo. Munthu akapuma pantchito, foni n'kusiya kulira, palibenso womufunsa zochita, amalakalaka kumanga kanthu koti kwawo anene kuti mwana uja wabwera. Simenti yanyowayo ikuwapweteka kale mumtima, musamaitchule mukakangana. Alamu anu aja musawatchulenso, mungadanitse munthu ndi mlongo wake. Pezani wachibale wamkulu amene iwo amamumvera, woti amakumbukira pomwe madzi ankafika, akawaonetse yekha.

Mukatero apatseni potulukira popanda manyazi. Auzeni kuti kwawo simukukukana. Mukapemphe malo kumtunda pafupi ndi abale, mumange kanyumba ka zipinda ziwiri pang'onopang'ono ndi zotsala za lendi, muzipita kukakhalako nyengo imene madzi ali bata. Musanapite mukaonane ndi adokotala, munyamule mankhwala okwanira. Alendo aja akadzachulukadi, chipinda chowonjezera sichivuta kumanga.

Chenjerani ndi tsiku limene wogulayo adzabwere. Musasaine kalikonse chifukwa cha manyazi kapena pofuna mtendere wa tsiku limodzi. A Kapitawo akaumirira kuti apita okha, alongedzereni chikwama bwinobwino, muwaperekeze, muwauze kuti pakhomo pano ndi pawo. Adzakwiya, mwina kwa miyezi, ndipo zidzakupwetekani kwambiri. Koma mwamuna wokwiya amene ali ndi nyumba yobwererako mudzamuonanso. Mukagulitsa lero, madzi n'kubwerera pamalo pake, mudzakhala muli limodzi ndithu, koma opanda pogona kuno ndi uko komwe.

Aphungu