Mchenga wa Pinki Wandiulula

Highfields, Leicester
Lachinayi, 15 Malichi 2018

Okondedwa achemwali anga a Marjorie,

Muli bwanji kumeneko ku Chilomoni, inu, alamu ndi ana? Amayi mwendo uja ukuwasiyako? Kuno tadzuka. Pempho wayamba kuyenda, m'nyumba muno palibenso chokhala pamalo pake.

Ndikulemba mothamanga poti a Gladys a kutchalitchi akunyamuka Loweruka, ndiwo abweretse kalatayi. Pa foni ndakana dala, yanuyo ana amaigwiragwira. Muwerenge muli nokha.

Achemwali, ndakwera sitima yapanyanja, ine yemwe uja wa Sitandade 7. Mukuwakumbukira Amayi Jubeda, achimwenye okalamba amene ndimawasamala, obadwira ku Limbe aja? Mwana wawo Naseem anawagulira ulendo wa masiku khumi wozungulira zilumba za ku Caribbean. Iwo anati popanda Atuweni sapita, chifukwa palibe wina amadziwa kuwanyamula osawapweteka. Pempho ndinamusiya kwa alamu anga a Kelly, ndipo ndinalira mpaka mundege.

Sitimayo si sitima, ndi tawuni. Muli mashopu, zikepe, ndi chakudya choti umangotenga wekha kuyambira m'mawa. Koma ine zonsezo ndinkangoziona ndi maso, nseru inali itandigwira. Ndinkati ndi mafunde.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinaima pa chilumba china, dzina lake lilime langa likulikana. Naseem anali atamva kuti kuseri kwake kuli mchenga wa pinki. Amayi ake anaseka, amvekere azungu anapaka penti kuti atidyere ndalama. Tinapitabe pa takisi, msewu wa mabampu ngati wa ku Ndirande. Titafika, wilitcheya inakana kuyenda pamchenga, ndiye ine ndi dalaivala tinawanyamula Amayi Jubeda mpaka pafupi ndi madzi.

Achemwali, ndi zoona. Mukudziwa mkati mwa gwafa wakupsa? Mchenga wonse unali choncho, mpaka kumene maso athera. Funde likabwerera, pamene panyowa pankafiira kwambiri, kenako n'kuyambanso kuyera pang'onopang'ono. Dalaivala anati ndi tizigoba tofiira ta m'nyanja timene tinaphwanyikaphwanyika n'kusakanikirana ndi mchenga. Amayi Jubeda anandiuza kuti ndiwavule sokosi. Anakwirira mapazi awo, akuseka ngati kamtsikana, ndipo Naseem anathamangira m'madzi kukajambula.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Nditagwada pambali pawo, kafungo ka mchenga wonyowawo kanandilowa m'mphuno, malovu n'kudzaza m'kamwa. Ndinatembenuka ngati ndikuona nyanja, n'kutapa pang'ono, n'kuponya m'kamwa. Unali wamchere, wolira m'mano. Ndinatapanso kachiwiri.

Ndinangomva kumbuyo kwanga, "Atuweni, ndi miyezi ingati?"

Ndinati ndimangolawa. Iwo anati, "Usandinamize mwana iwe. Ine pa mimba ya Naseem uyu ndinadya khoma la khitchini ku Limbe mpaka linabooka."

Ndinayamba kuwerenga pa zala. Kumwezi sindinapite kuyambira Khirisimasi, koma ndinkati n'chifukwa choyamwitsa. Nseru ija sanali mafunde.

Inu mukudziwa mmene Pempho anabadwira, opaleshoni ija ndi magazi amene ndinataya, ndili ndekha m'chipatala, amuna anga a Lucius ali pa shifiti ku Corby foni itatsekeredwa m'loka. Adokotala anandiuza kuti ndidikire zaka ziwiri kuti bala lilimbe. Pempho ali ndi chaka ndi miyezi iwiri yokha. Ndinalira pomwepo pa mchenga wokongolawo. Ndinawapempha Amayi Jubeda kuti asauze munthu, ndibise mpaka ionekere yokha, ndizigwirabe ntchito ngati kale.

Anandikalipira ngati amayi enieni. Anati bala la m'mimba silimva zobisa, ndipo kulakalaka dothi nthawi zambiri ndiye kuti magazi achepa. Pobwerera ku takisi anakana kuti ndiwagwire. Anauza Naseem kuti awanyamule yekha ndi dalaivala, akuti zaka zonsezi wadya zawo, lero atuluke thukuta. Naseem anandiyang'ana, anayang'ana mayi ake, n'kuwanyamula. Tili musitima anangondibweretsera tiyi wa jinja n'kundiuza kuti ntchito yanga ilipobe, wonyamula apeza wina.

Tinafika Lamlungu, kuno kukuzizira koopsa. Ndinagula koyezera mimba ku famase, mizere yatuluka iwiri. Lolemba ndikupita kwa azamba. Amayi Jubeda akuti apita nawo, ine ndizingokankha wilitcheya, kuti ndisathawire panjira. A Lucius ndiwauza Loweruka, ali pa ofu.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Ndikamasamba ndimangoliyang'ana bala lija. Koma pena ndimapezeka ndikumwetulira ndekha m'basi ngati wopenga. Mtima ukundiuza kuti ndi mtsikana. Tangoganizani, wafika kale ku Caribbean asanabadwe, pamene inu amayi ake aakulu ngakhale ku Salima simunafikeko.

Pempho langa ndi ili. Amayi muwauze ndinu. Ndikudziwa anena kuti ndatumbiza, kuti ndamulanda bere mwana, ndipo pa foni ine ndikhoza kungolira osamaliza mawu. Akakalipa n'kutopa, muwapemphe abwere kuno mwezi wa Seputembala. Naseem wati atithandiza kulemba kalata yowaitanira, koma pasipoti ayambe kuitsatira pano, zinthuzi zimachedwa. Achemwali, m'chipinda chija cha magetsi owala sindikufuna kukalowanso ndekha. Ndikufuna ndikadzatsegula maso ndidzaone nkhope ya amayi.

M'kati mwa kalatayi mupeza kapepala kopindidwa. Mutsegule mosamala, muli mchenga uja. Ndinaupeza m'sokosi za Amayi Jubeda ndikuchapa, unali wochulukirapo kuposa pamenepo. Muyambe mwawaonetsa amayi. Akamadabwa mtundu wake, muwauze kuti Atuweni watumiza wochepa chifukwa winawo wadya. Iwo anabereka asanu ndi mmodzi, zotsalazo amva okha.

Mundiyankhe kudzera kwa a Gladys, kapena mungondiimbira n'kunena kuti gwafa wafika, ndidziwa. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa amalume ku Bangwe, koma nkhaniyi isawafike kaye. Mulungu akusungeni, ndipo Lolemba m'mawa mundikumbukire m'pemphero.

Ndine mng'ono wanu,
Atuweni