Sheila Safuna Kwaya

Lachisanu, 4 Julayi

Sheila akubisabe mkaka. Chifereni kamwana kake, ndikakhala pansi ndi ndowa amangondiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha mchere. Bere lodzaza bwinobwino, koma chotuluka n'cha tiyi wa munthu mmodzi. Amuna anga a Nason ati ng'ombe yodya madeya osabweza kanthu ndi nyama basi. Alankhula kale ndi Chomba wa butchala ku Chongwe, abwera Loweruka la sabata yamawa. Ndakalira kuseri kwa khola. Ng'ombe imeneyi ndinaiyamwitsa ndi botolo ine, ili kamwana.

Lamulungu, 6 Julayi

Ndamupempherera. Wandiponda phazi.

Lolemba, 7 Julayi

Holide. Neba wathu watsopano, Ba Maybin ogwira ntchito ku Lusaka, amatsuka motoka pafupi ndi mpanda wa khola, nyimbo atakweza. Kaya ndiitche chiyani. Ogani inde, ngati ya kutchalitchi, koma ogani yolowerera. Kenako chilipenga cha mawu okhuthala n'kumaiyankha, ngati bambo wa chimfine akudandaulira mkazi wake. M'kati momwemo anthu akukuwa, matambula akugundana. A Nason: "Za mu bala izo."

Ine ndinali pansi pa Sheila, kungoyesa. Lipenga litangolowa, mayi uja makutu lende, maso tsinzinu, mkaka tsaaa! Ndowa mpaka thovu. Ndinachita kuopa.

Lachiwiri, 8 Julayi

Holide inanso, motoka kutsukidwanso, nyimbo yomweyo, mkaka womwewo. Madzulo ndinamuyesa ndi kwaya ya pa wailesi. Ngakhale dontho! Ng'ombe ya a Nason, mkulu wa mpingo, tamvani.

Lachitatu, 9 Julayi

Ndawapingasa pa geti akupita ku ntchito. "Ba neba, ija nyimbo ni yabwanji?"

Ndinalakwa kufunsa. Munthu anazimitsa injini n'kutuluka. Akuti inajambulidwa kalekale ku Amereka m'nyumba yachisangalalo, anthu ali pomwepo akumwa, osabwereza ngakhale kamodzi. Woliza oganiyo amaliza ndi manja pamwamba, mapazi pansi, ngati telala pa makina. Lipengalo dzina lake tena sakisofoni. "Mvelani mwamene bakambisana! Uyu afunsa, uyu ayankha. Bakazi banga ba Febby bananiletsa kuiliza mu nyumba, ati ibapweteka mutu."

Ndinawapempha andiikire pa foni. Anagwira pachifuwa. "Awe! Jazi pa foni ni kunyoza bakufa. Mapazi ya ogani siyamveka." M'malo mwake aziimitsa motoka pa mpanda m'mawa uliwonse asananyamuke, azindiphunzitsa. "Zaka zonse izi nasakila munthu wa makutu, ba Rosaria. Kanshi ali pa neba!"

Sindinawauze kuti mwini makutuwo ali ndi miyendo inayi.

Lachinayi, 10 Julayi

Sukulu yayamba. Ine chilili pa mpanda kugwedeza mutu ngati wodziwa, a Nason chinyonyomale kuseri kwa malata a khola akukama. Ba Maybin atseka maso, amenya chiwongolero, kenako: "Apa! Mwamvela apa?" Ine: "Namvela maningi." Zoona zake ndimamvera kulira kwa ndowa.

Podutsa ndinaona phazi la a Nason likugunda pansi motsatira. Akana, ati linali dzanzi. Inenso ndadzipeza ndikung'ung'udza za ogani potsuka zigubu. Pali pena pomwe amakanikiza liwu limodzi osalisiya mpaka anthu kukuwa. Pamenepo mpabwino, sindinama.

Lachisanu, 11 Julayi

Zathina.

Lipenga lili pakati, mphunzitsi wanga anaimitsa nyimbo kuti andifotokozere kapumidwe ka woliza. Sheila mooo! Ndowa gubudu! Ndiye a Nason, osaganiza, kuseri kwa malata: "Imwe, musazime! Yaleka kuchosa!"

Ba Maybin anasuzumira pa mpanda, tayi ili lende. Anaona ng'ombe, anaona mkulu wa mpingo mkaka uli chuchuchu m'ndevu, kenako anaona ine.

"So nenze kupunzisa ng'ombe?"

Analowa m'motoka mwakachetechete, ngakhale chitseko sanamenyetse. Manyazi andigwira mpaka pano. Munthu anakondwa ndi mtima wonse, ine n'kumusandutsa wailesi ya m'khola.

Madzulo mkaka zii. A Nason ati ng'ombe yofuna motoka wa neba kuti ikamidwe sangaisunge. Chomba abwere ndithu mawa. Sindinadye.

Loweruka, 12 Julayi



M'mawa kwa neba kuli zii, makatani otseka. Ndinapita kwa Sheila kukatsanzika. Ndinatsamira mutu pamimba pake, misozi, mamina, ndipo osadziwa ndinayamba kung'ung'udza za ogani zija. Khutu limodzi linagwa. Limodzi lokha. Ndinapitiriza mpaka pomwe lipenga limalowa, n'kukhala chete. Iye anatembenuka, akudikira.

Kumbuyo kwanga: pwooo!

A Nason, chidutswa cha paipi ya kudimba chili kukamwa, masaya ngati chule. "Osaniyangana," anatero. "Imba." Ndinaimba, iwo n'kuyankha. Phokoso lake nkhuku zonse zinathawira kwa eni. Sheila khutu lachiwiri likugwa, likudzuka, osatsimikiza.

Zenera la kwa neba linatseguka mwaukali. "Mwaononga! Mwangena musanga, ba Nason! Lindilani bamalize!" Posakhalitsa Ba Maybin ali pa mpanda ndi zovala zogonera, nkhope ili ndwii, akumenya malata ndi patapata kutipatsa mayendedwe. "Manje! Ngenani manje!"

Pwooo.

Tsaaa.

Ndinakama ndikuimba, mawu akuthera m'kulira. Ndi pomwe kalole ka Chomba kanaima pamsewu. Anatsika ndi chingwe chake, anafika pa khola n'kuima kukamwa yasa.

"Ba Nason, ng'ombe ni iyi?"

A Nason sanachotse paipi kukamwa. Anangotukula dzanja limodzi n'kumuonetsa njira yomwe anadzera.