Shuga Amene Ndinkakuthirirani M'tiyi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Yakwana miyezi khumi chikuikireni m'manda. Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Lusiya anabereka bwinobwino, mwana wamkazi. Watengera mphumi yanu, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope monga munkachitira posankha mpunga. Nandolo wa kumunda wa ku Michesi anabereka, koma mpunga wa kudambo unamira theka. Mbuzi yanu yamawanga inaswa tiwiri, kamodzi kanafa. Mphepo inasasula denga la khitchini, ndangotsindika malata ndi miyala.

Ine ndikupitabe kunyanja ya Chilwa pa njinga kukapikula matemba. Munkati njinga siyendera mafuta, imayendera m'mimba mwa mwini wake, choncho sindinyamuka osadya. Koma chikololereni ndinayamba kufooka. Kaya ndidye chotani, miyendo inkangolemera. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, mapazi dzanzi, chitenje kumazungulira kawiri m'chiuno. Tsiku lina pochokera kunyanja ndinatsika njinga n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, osathanso kudzuka. Amayi ena ogulitsa nkhuni ndi amene anandiperekeza kuchipatala.

Kumeneko anandibaya chala, n'kuika dontho la magazi pa kamakina. Adokotala anati ndili ndi matenda a shuga. Ndinawauza kuti sindikumvetsa, chifukwa shuga ndi amene amapatsa munthu mphamvu, nanga wanga akachuluka ndifookerenji? Iwo anatembenuza buku langa la kuchipatala n'kuyamba kujambula tizinthu tozungulira pachikuto.

Anati thupi lonse lapangidwa ndi tinthu tamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, dzina lake maselo. Kalikonse kamafuna kudya. Zimene timadyazi, kaya mpunga kaya chinangwa, zimasanduka shuga m'magazi. Shugayo akalowa m'kaselo amapsa pang'onopang'ono ndi mpweya umene timapuma, popanda lawi, ndipo mphamvu yopalasira njinga imachokera pamenepo. Wotsala thupi limasunga m'chiwindi ndi m'minofu, wina limamusandutsa mafuta, kuti tsiku la njala litapepo. Koma shuga salowa yekha m'kaselo. Pali chinthu china m'magazi, insulini, chimene chimamutsegulira. Kwa ine chinthucho chachepa. Shuga amangoyendayenda m'magazi mpaka kutayika ndi mkodzo, maselo ali ndi njala. Ndiye thupi limayamba kudya zimene linasunga, mafuta poyamba, kenako mnofu weniweniwo.

Amayi, iwo akuyankhula, ine ndinkaona inu. Munkamaliza mbale yonse ya kalongonda n'kupempha ina, koma mikono ikunka nichepa. Ndowa ya madzi inkatha pambali pa mphasa yanu. Ndinakumbukiranso kabeseni kanu kokodzeramo, kamene ndinkakapeza m'mawa nyerere zitazungulira, ine n'kumangodabwa kuti zikufunamo chiyani. Pachipatala chaching'ono chija anakuyezani malungo ndi kachilombo, osapeza kanthu, ndipo inu munakana kubwereranso.

Ndinawafunsa adokotalawo kuti, "Nanga munthu wotere mukamamupatsa tiyi wa masipuni anayi a shuga, katatu patsiku, kuti apeze mphamvu?"

Anaika cholembera pansi. "Munthuyo ndani?"

"Amayi anga. Anamwalira."

Anati sangalumbire pa munthu amene sanamuyeze, koma zonse zimene ndafotokoza zikuloza komweko. Kenako anati, "Mayi, simunkadziwa."

Ndinayembekeza kuti ndilira, koma misozi sinabwere. Ndinalandira mapilitsi pawindo, ndinakatenga njinga kwa amayi a nkhuni aja, ndinafika kunyumba n'kuyanika matemba kuti asaole. Mpaka lero ndili choncho. Ndimadzuka, ndimamwa pilitsi, ndimamwa tiyi wopanda kanthu, ndimapita kumsika. Anthu akaseka ndimasekako. Mwana wa Lusiya ndikamunyamula ndimamva kulemera kwake kokha. Munkanena kuti chilonda chosapweteka ndiye choopsa. Mwina n'zoona, sindikudziwa.

Ndinkakuthirirani shuga ndi dzanja langa, Amayi, ndi kumatakasa mpaka asungunuke. Mukati wachepa ndinkaonjezera. Ndinkasangalala mukamaliza kapu.

Pali china chimene mwina simukuchidziwa, chifukwa masiku omalizawo simunkazindikira. Amalume anapita kwa sing'anga, ndipo anabwerako ndi dzina la a Namaona, mnzanu amene munkakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Anati ndi iwo amene ankakudyani. Ife tinavomera, chifukwa munthu sangamadye chotero n'kumaonda popanda wina womudyera. Tsiku la maliro a Namaona anabwera ndi mtolo wa nkhuni, amalume anawabweza pamsewu anthu akuona. Ine ndinalipo, ndipo sindinanene kanthu. Chichokereni tsikulo palibe wa kwathu anawapatsapo moni. Pamjigo akafika iwo, amayi ankachotsa ndowa zawo. Kutchalitchi anasiya kubwera.

Ndinakhala milungu itatu ndi nkhani ya adokotala ndisanauze munthu. Kenako ndinauza Lusiya, iye analira kwambiri, ine ndikungomuyang'ana. Amalume anamva mpaka kumapeto, n'kunena kuti za kuchipatala ndi zina, za kumudzi ndi zina. Sindinalimbane nawo.

Lachiwiri lapitali ndinapita ndekha kwa a Namaona. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Akalamba kwambiri, Amayi, miyezi khumi yokhayi. Ndinagwada chapatali, ndinatulutsa buku lija, ndinawaonetsa tizinthu tozungulira tija n'kufotokoza monga ndinamvera. Ndinati palibe munthu anakudyani, thupi lanu linkadzidya lokha chifukwa cha njala ya m'kati, ndipo ine ndinkaonjezera matendawo ndi tiyi. Ndinati tinawalakwira.

Sanayang'ane n'komwe bukulo. Anapitiriza kusenda mpaka chinangwa chinatha m'lichero. Kenako anapukuta mpeni pachitenje n'kufunsa kuti, "Munamugoneka mbali iti? Ine sindinapaone."

Funso limenelo linandipweteka, koyamba chiyambire zonsezi. Ndinangoti, "Pafupi ndi agogo, kumunsi kwa mtengo wa mbawa."

"Ndikufuna ndikamuuze ndekha kuti sindinakwiye naye," anatero. "Ndinakwiya ndi inu."

Ndakapempha kale kwa amfumu chilolezo cholowa kumanda, ndipo andilola. Amalume kaya afune kaya asafune. Mapilitsi ndizimwa osadumphitsa, Lusiya ndimutengera kuchipatala akamuyeze, musadandaule za ife. Loweruka m'mawa ndidzawakweza a Namaona pakaliyala, tidzabwera pang'onopang'ono chifukwa miyendo yanga sinabwerere bwino. Ndikulonjeza kuti ndikawafikitsa, ndidzaima patali kuti mucheze awiri.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Edina