Tambala wa Madokotala a ku Canada

Lachisanu, 12 Juni 1959

Kwazizira, koma ine mtima uli mbee. Lero atate ayenda okha wapansi mpaka kuchipatala, iwo amene chaka chatha matenda a shuga anawaumitsa ngati nsomba ya ku Chanyanya.

Ananyamula tambala woyera m'khwapa, ati sangapite chimanjamanja kwa sing'anga amene wawachiza. Ine manyazi, komabe ndinawatsata.

Atafika anagwadira ba Tembo, dresa wothandiza madokotala, amene anandiphunzitsa kuwiritsa singano ndi kuwabaya insulini m'mawa uliwonse. Atate anati, "Ba Tembo, nipelekeni kuli mwine wa mankhwala aya, nimupase nkhuku yake."

Ba Tembo anaseka mpaka misozi. "Tate, madokotala amene anapeza mankhwala aya ni a ku Canada, kutsidya kwa nyanja. Olo ndeke siingavomele tambala!" Anawauzanso kuti mankhwalawo amachokera m'kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba. Atate kukamwa yasa.

Pobwerera tinakumana ndi ng'ombe zikupita kusiteshoni. Atate anaima, navula chipewa, naziombera m'manja mwaulemu wonse. Eni ng'ombe anagwa nazo nseko.

Lamulungu atate akufuna mpingo wonse upempherere madokotalawo. Tambala uja atate akana kuti aphedwe, ati ali ndi eni ake, ife tikungowasungira. Ndiye ali m'khola umu, akutha chimanga changa. Adye. Mawa ndi yemweyo andidzutse kuti ndiwiritse singano, chifukwa chaka chatha nthawi ngati ino ndinkadzuka kukamvetsera ngati atate akupumabe...