Adokowe a Pansanja ya Mzikiti

Okondedwa achimwene a Lahcen,

Mtendere ukhale nanu pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Lille. Ife kuno ku Azrou tilipo, tithokoze Mulungu.

Chisanu cha chaka chino chinali chosasewera nacho. Januwale yense ndinkakwera kunkhalango kukajambula anyani atakumbatirana pachipale chofewa. Tsopano kwayamba kufunda, ndipo Lachiwiri lapitali adokowe abwerera kuchisa chawo pansanja ya mzikiti.

Mwina mukudabwa kuti mu envulopu muno mulibe chithunzi chawo monga mwa chaka chilichonse. Ndinajambula zithunzi makumi anayi, koma zonse zinatuluka ngati mbalamezo zikunjenjemera. Ndinapita nayo kamera kwa a Allal okonza makamera aja. Anajambula nayo mphaka wawo, ndevu zonse n'kuoneka bwinobwino.

"A Mbarek," anatero, "kamerayi ilibe mlandu."

Nkhaniyo tinaisiyira pomwepo. Masiku ano alendo akabwera, tiyi akuthira ndi mlamu wanu Itto. Akuti ine ndikumamwetsa tebulo.

Adokowe amachoka mu Ogasiti. Musadikire tchuthi cha chaka chamawa, achimwene. Bwerani mudzawajambule ndinu, ine ndidzakulozerani poima.

Ndine mng'ono wanu,
Mbarek