Nkhope ya amake Rabecca yatsalila pa kanema wa mpingo

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi. Sukulu ndinalekela Fomu 2, koma za mawailesi ndimazidziwako, ndiye ansembe athu atabwela ndi wailesi yakanema yaikulu ya mu holo ya palishi, anandipatsa makiyi kuti ndiziisamala. Mwina simunaionepo yotele. Ili ndi maso atatu, lofiila, lobiliwila ndi labuluu. Masowo amaponya kuwala pa kalilole, kalilole n'kubweza chithunzi pa chinsalu chachikulu. Kuno timangoonela makaseti a vidiyo, Loweluka ndi Lamlungu masana, pa magetsi a injini.

Mkazi wanga Consolata, amake Rabecca, anatisiya chaka chatha mu Febuluwale. Chithunzi chake ndilibe. Koma pali kaseti imene wansembe wina anajambula kwaya yathu itapita kukaimba ku Minga. Pakati pa nyimbo yachitatu Consolata amatembenuka n'kuyang'ana wojambulayo, akuseka chifukwa mnzake anayamba vesi nthawi isanakwane. Ndi kanthawi kochepa, mukaphethila kawili kadutsa.

Lachinayi lililonse masana ndimaloledwa kuliza injini kuti ndiyese makina. Mlandu wanga uli pamenepa. Ndimatseka makatani, ndikweza kuwala mpaka kumapeto popeza makataniwo ndi opyapyala, ndipo iye akangotembenuka ndimadina batani loimitsa chithunzi. Pakapita mphindi zisanu vidiyo imadzimasula yokha, ine n'kubweza, n'kuimitsanso. Sindilankhula naye ayi. Ndimangokhala pa benchi mpaka nthawi yozimitsa injini. Ndachita zimenezi miyezi khumi ndi isanu.

Mwezi watha tinkaonetsa filimu ya ulimi wa thonje. Pamene chithunzi chinafika pa thambo loyela, mayi wina kumbuyo anati, "Kodi si chitambala cha Consolata icho, momwe ankamangila chopendekeka?" Mthunziwo unalipodi: mutu, chitambala ndi phewa limodzi. Sunasunthe mpaka filimu kutha.

Ndinapukuta kalilole ndi maso onse atatu. Ndinasintha makaseti. Ndinazula chingwe cha vidiyo, koma mthunzi uli pomwepo. Kenaka ndinaphimba maso awili ndi katoni, kusiya limodzi, mosinthanasinthana. Pa lofiila palibe kanthu, pa labuluu akuoneka pang'ono, pa lobiliwila ali yense.

Nkhani inamveka mpaka ku Kacholola, ndipo alamu anga a Abednego, achimwene ake a malemu, anabwela pa njinga. Atamwa madzi anati, "Alamu, ine sindinakudanenipo, mumadziwa. Koma mlongo wanga sanagone. Wogona bwino saonekela pa chinsalu cha azungu. Kodi pamalilo panatsala china chimene simunatiuze?" 

Zimenezo ndikanapilila. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi mwana wanga Rabecca, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amake akumwalila iye anali pamseu, basi yochokela ku Chipata itawonongeka panjila. Tsopano analeka kudutsa pafupi ndi holo, ndipo akuonda. Dzulo, akuchapa, anandifunsa osandiyang'ana, "Atate, kodi amama anandikwiyila chifukwa ndinachedwa?" Ndinati, "Ayi, mwanangu," koma za Lachinayi sindinamuuze.

Ansembe ati kumapeto kwa mwezi kubwela wokonza wochokela ku Lusaka. Ndikaulula, anthu adzati mwamuna wamkulu ndawononga katundu wa mpingo chifukwa cholila, ndipo mwina andilanda makiyi. Ndiponso, Aphungu, kunena zoona, sindifuna kuti mthunziwo uchoke. Nditani?

E. D., Nyimba

Bambo E. D.,

Pepani ndi malilo. Makinawo mwawayesa ngati mmisili weniweni, ndipo yankho munalipeza tsiku lomwe munagwila katoni. Mukungofuna wina alinene mokweza. Nali: si mzimu. Kuseli kwa diso lililonse kuli chubu chopakidwa ufa wowala m'kati mwake. Chithunzi chikamayenda, ufawo umatha mofanana paliponse. Chikaima malo amodzi maola ambili, kuwala kuli pamwamba, ufa umapselela motsata chithunzicho, monga nsimbi yoiwalidwa pa malaya. Chubu chobiliwila ndicho chimagwila ntchito yaikulu, n'chifukwa chake chapsa kwambili. Sichipukutika. Chofunika ndi chubu china basi.

Koma yambani ndi Rabecca, lelo lomwe. Inu mukubisa manyazi, mwanayo akunyamula mlandu umene si wake, ndipo katundu wakeyo ndiye wolemela. Muuzeni monga mwandiuzila ine, mawu omwewa. Sadzakusekani. Mtsikana amene wamva kuti atate ake ankakhala pa benchi Lachinayi lililonse kuyang'ana amake, adzalila ndithu, koma akatha kulila adzadya. Kenaka pitani naye ku holo, muike kasetiyo, ndipo chala chanu chisayandikile batani lija. Isiyeni iyende. Miyezi yonseyi mwakhala mukuona amake Rabecca ali chete, chonsecho pa kasetiyo akuimba.

A Abednego musakangane nawo. Nawonso akulila mlongo wawo. Aitaneni, muwapatse katoni aphimbe okha diso lobiliwila ndi labuluu, ndipo muwafunse ngati anamvapo za mzimu woopa katoni.

Kwa ansembe pitani wa ku Lusaka asanafike, chifukwa iye akangoyatsa adzadziwa chimene chinachitika, ndipo n'kwabwino ansembe amve kwa inu. Za makiyi sindingalonjeze. Angakudzudzuleni, ndipo muyenela kuvomela, chifukwa makinawo ndi a mpingo wonse. Komabe munthu wodziwa kuyesa maso atatu limodzilimodzi sapezeka pamsika pa Nyimba.

Tsopano mvelani ichi, chifukwa mwina simukuchidziwa. Chimene mungataye si mthunzi uja, koma kaseti. Mukaimitsa chithunzi, mitu ya vidiyo imapitiliza kuzungulila n'kumapala malo amodzi omwewo a tepi, ndipo malo amenewo ndi pomwe pali kuseka kwa akazi anu. Pemphani ansembe akapita ku Lusaka akajambulitse kaseti yachiwili. Itanani wojambula zithunzi wa pa boma la Petauke, mutseke makatani, muimitse kamodzi kotsiliza, iye ajambule popanda nyali yake yong'anima. Atsuke ziwili, china cha Rabecca. Zikatelo, chubu chija chisiyeni chipite. Ndipo kuyambila lelo kuwala kuzikhala pakatikati.

Chenjezo langa ndi ili. Ndikudziwa kuti manja anu ayabwa kuti mutsegule kumbuyo mukaone chubucho nokha, kapena muchichotse mukachisunge kunyumba. Musayese. M'kati mwa makina amenewo mumatsala magetsi amphamvu kwambili ngakhale injini itazima kale, ndipo chubu chikagundidwa chimaphulika. Rabecca waika kale kholo limodzi. Zomangila za kumbuyo zisiyileni wa ku Lusaka.

Aphungu