Amayi Anangoti "Koma…"

Sipanala 09:12
malume, dzulo ndinapita naye nesi wanga uja kunyumba kuti amayi amuone

Sipanala 09:13
anamulandira bwino, mpaka kuseka limodzi. atachoka ndinafunsa kuti mwamuona bwanji. akuti "mtsikanayu ndi waulemu, koma…" basi nkutuluka kukaanula zovala

Malume 09:20
kkkkk wakumana nazo. mlongo wanga uja samaliza mawu chibadwire. amaponya mbedza yopanda nyambo, nsomba nkudzikola yokha

Sipanala 09:21
sindinagone. koma chani? afunseni pls

Malume 09:24
[uthenga wa mawu, 0:29] Tamvera mphwanga. Tsiku lina bambo ako akuvula nsapato pakhomo, mayi ako anangoti "ndamva kuti dzulo…" nkukhala chete. Munthu wamkulu anaulula za kubala, za wailesi imene anati inabedwa, mpaka za fodya. Pomwe mayi ako amanena za maliro a kwa aneba. Chiganizo chawo usachimalize. Chisiye chilendewere.

Sipanala 09:26
mwina amva zoti nesiyo ali ndi mwana

Malume 09:26
unawauza?

Sipanala 09:27
ayi. timati ayambe amukonda kaye

Malume 09:28
ndiye soka pakamwa. kasitomala wakhala kale pampando, ndimumete kaye

Sipanala 10:05
malume, amayi ali online

Sipanala 10:06
alemba kuti "mwana wanga, ine ndangoti ndikuuze kuti…" ndi timadontho titatu

Sipanala 10:19
malume

Sipanala 10:33
ndathira oilo mgalimoto yolakwika. abwana pa garaja akundiyang'ana ngati tayala lophulika

Sipanala 10:41
yankhani foni pls

Sipanala 10:52
amayi ndawayankha. ndati ngati vuto ndi mwana wakeyo, ine ndimukwatirabe. mwanayo ndi wanganso tsopano

Malume 11:30
ine kumeta mutu umodzi wokha, iwe kumbali wadzimeta mpala wekha

Malume 11:31
mayi ako andiimbira. za mwana samadziwa nkomwe. amafuna kunena kuti koma ndi wowonda, kuchipatalako sakudya

Sipanala 11:31
mayo ine

Sipanala 11:32
akwiya? anditaya?

Malume 11:36
angondifunsa dzina la mwanayo, ngati anayamba sukulu, ndi saizi ya nsapato zake. ndati ine ndimameta anthu, mapazi sindiyeza

Malume 11:37
akuti Lamlungu nesi abwere naye. akuti mwana si poto wopserera woti nkubisa kuseri kwa chitseko, ndipo mkazi amene walera yekha mwana akumupatsa ulemu

Sipanala 11:38
zkm ambuye. nanga ine?

Malume 11:40
ndawafunsa. akuti "ameneyo akadzangolowa pakhomo pano…" nkudula foni

Sipanala 11:40
akadzangolowa chani

Sipanala 11:44
malume

Sipanala 11:58
malume ndikukuonani muli online